Dzina la Gasi wa Mufiriji pa Chipata cha Dedza

Ife amene kwathu ndi kuchigwa, ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, timaudziwa mwezi wa Okutobala. Anzathu a kumapiri a Dedza akamavala juzi m'mawa, ife thukuta limakhala litayamba kale kutsika. Usipa wovuulidwa mbandakucha sudikira munthu. Ukapanda kuyanikidwa pathandala kapena kuikidwa pozizira, pofika masana fungo limakhala litasintha. Ndiye firiji kwathu kuno ndi chida cha ntchito ngati khasu. Mayi wogulitsa madzi ozizira ndi thobwa m'mbali mwa msewu wa M5 amadalira firiji kuti apeze fizi ya ana. Pachipatala cha Mua, komanso pazipatala zing'onozing'ono za m'dera la Kachindamoto, katemera wa ana amayenera kusungidwa pa madigiri apakati pa 2 ndi 8. Mankhwala a oxytocin, amene amathandiza kuti mayi asataye magazi ambiri akangobereka, amatha mphamvu akakhalitsa potentha. Chimodzimodzinso insulin ya odwala shuga.

Firiji ikasiya kuziziritsa, tonse timanena mawu amodzi: "Gasi watha." Timaitana mmisiri, amabwera pa kabaza atamangirira silinda kumbuyo, amalumikiza mapaipi, ndipo pakatha ola firiji yayambanso kulira bwinobwino. Ndi ochepa mwa ife amene amafunsa kuti gasiyo ndi wamtundu wanji. Komatu silinda imeneyo isanatsike phiri kubwera ku Golomoti inadutsa pachipata cholowera m'dziko muno, kaya ku Dedza, ku Mwanza kapena ku Songwe, ndipo kumeneko munthu wina anailembera nambala pa fomu ya kasitomu. Phunziro lathu ndi la nambala imeneyo: imapezeka bwanji, nanga chimachitika n'chiyani ikalembedwa yolakwika. Amene tikuphunzira zauphunzitsi tipezamo Chemistry ndi masamu zoti n'kulowa nazo m'kalasi mawa lomwe.

Gasi amene amawira pozizira

Tiyambire pa mtsuko. Madzi a mumtsuko wadothi amazizira chifukwa ena amatulukira m'timabowo ta dothilo n'kumauma, ndipo madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha n'kupita nako. Thukuta limatiziziritsa mwa njira yomweyo. Firiji imachita zimenezi mkati mwa mapaipi otsekeka, koma m'malo mwa madzi imagwiritsa ntchito mankhwala amene amawira pamalo ozizira kwambiri. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene R-134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, ndipo R-22 pa 41 kunsi kwa ziro. Akamawira m'mapaipi a mkati amayamwa kutentha kwa chakudya. Kompresa, ija imalira kumbuyo, imapanikiza mpweyawo mpaka usandukenso wamadzimadzi m'mapaipi a kunja, ndipo kutentha kumatayikira m'chipinda. Gasiyu sapsa ngati petulo, amangozungulira. Choncho tikamati "watha" chimene chachitika n'chakuti pabooka penapake ndipo yense wathawira mumlengalenga. Tisunge mfundo imeneyi: kilogalamu iliyonse yolowa m'dziko muno idzathera kumwamba tsiku lina, pokhapokha wina ataikoka n'kuisunga musilinda.

Ambiri mwa magasi amenewa ndi a banja limodzi. Tikatenga methane kapena ethane n'kuchotsamo maatomu ena a hydrogen, m'malo mwake n'kuikamo fluorine, chlorine kapena bromine, timapeza mankhwala a mtundu umenewu. Atatuwa ndi ma halogen, a m'gulu la 7 pa Periodic Table. Nambala ya patsogolo pa R ija siyongopeka ayi, ndipo pali kanjira koimasulira kamene ana a Fomu 3 angakakonde: onjezerani 90. R-134a: 134 kuphatikiza 90 ndi 224, kutanthauza maatomu awiri a carbon, awiri a hydrogen ndi anayi a fluorine. Carbon ziwiri zogwirana zimatsala ndi manja 6, ndipo onse adzaza, choncho mulibe chlorine. R-22 imapereka 112: carbon imodzi, hydrogen imodzi, fluorine ziwiri. Carbon ili ndi manja anayi koma apa tadzaza atatu okha, ndiye dzanja lotsalalo lagwira chlorine. R-12 imapereka 102: mulibe hydrogen, manja otsala ndi awiri, chlorine ziwiri. Ndi samu ya kamphindi imeneyi tasiyanitsa mabanja atatu. R-12 ndi CFC, R-22 ndi HCFC, ndipo R-134a ndi HFC.

Kanjira aka sikagwira pa manambala oyamba ndi 4 kapena 5, monga R-404A, R-410A ndi R-507A, chifukwa amenewa ndi magasi angapo osakanizidwa musilinda imodzi. Awa ndi amene amazunguza mitu pachipata.

Kuchokera ku Montreal kufika ku Kigali

Chlorine uja ndiye anayambitsa nkhani yonseyi. Ma CFC atayamba kupangidwa cha m'ma 1930 anthu anawalandira ndi manja awiri, poti sayaka moto ndipo sapweteka munthu ngati ammonia ndi sulphur dioxide zimene zinkaikidwa m'mafiriji akale. Mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti ma CFC akakwera m'mwamba kwambiri amasweka ndi dzuwa, ndipo chlorine wotulukamo amaphwanya ozoni, mpweya umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa chotchedwa ultraviolet. Mu 1985 Joe Farman ndi anzake a British Antarctic Survey anasonyeza kuti ozoni wa pamwamba pa Antarctica wachepa koopsa. Cheza chimenechi chimayambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala m'maso, ndipo abale ndi alongo athu achialubino amachidziwa kuposa tonsefe. Pa 16 Seputembala 1987 mayiko anasaina pangano la Montreal, ndipo Malawi analowa nawo mu 1991. Alimi a fodya achikulire amakumbukira mbali ina ya panganoli, ya methyl bromide, mankhwala ophera tizilombo m'nthaka ya nazale amene anasiyidwa pa chifukwa chomwechi.

Mayiko ongotukuka kumene ngati lathu anayenera kusiya ma CFC pofika 2010. Ma HCFC, makamaka R-22, akuchotsedwa pang'onopang'ono: kuchepetsa ndi 35 peresenti pofika 2020, ndi 67.5 peresenti pofika 2025, n'kumaliza mu 2030, kupatula wochepa wokonzera makina akale. M'malo mwake munabwera ma HFC. Awa sakhudza ozoni, koma anabwera ndi vuto lawo: amasunga kutentha mumlengalenga. Kilogalamu imodzi ya R-134a imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide pa zaka 100. Nambala yoyezera mphamvu imeneyi imatchedwa GWP. Ndiye mu Okutobala 2016 mayiko anakumana ku Kigali, ku Rwanda, n'kuwonjezera ma HFC pa pangano lija. Malawi anavomereza mu 2017. Kwa mayiko a gulu lathu mgwirizano ndi wakuti kuyambira 2024 tisapitirire mlingo woikidwa, mu 2029 tichepetse ndi 10 peresenti, mu 2035 ndi 30, mu 2040 ndi 50, ndipo mu 2045 ndi 80. Asayansi amawerengera kuti zimenezi zingapewetse kutentha kofika theka la digiri pofika 2100. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 sangalichepetse theka limenelo.

Apa ndi pamene kasitomu akulowera. Malawi sapanga magasi amenewa. Onse amachokera kunja, choncho zimene dziko "lagwiritsa ntchito" ndi zimene zadutsa pachipata basi. Chaka chilichonse boma limatumiza lipoti ku ofesi ya panganoli ku Nairobi. Ndipo pa ma HFC lipotilo silithera pa makilogalamu. Gasi aliyense amachulukitsidwa ndi GWP yake. Kuti samuyo itheke, pafunika kudziwa dzina lenileni la chimene chili musilinda iliyonse.

Buku la manambala

Katundu aliyense wodutsa malire a mayiko, kuyambira singano mpaka thirakitala, ali ndi nambala yake m'buku lotchedwa Harmonized System, mwachidule HS. Limayang'aniridwa ndi World Customs Organization ku Brussels, linayamba kugwira ntchito mu 1988, ndipo mayiko ndi madera oposa 200 amalitsatira. Limakonzedwanso pakapita zaka pafupifupi zisanu. Kope limene tikambe pano ndi la 2022. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana kulikonse: awiri oyamba ndi chaputala, awiri otsatira ndi mutu, awiri omaliza ndi kamutu. Fodya wamasamba ndi 24.01 kaya ali ku Kanengo kaya padoko la Beira, tiyi wa ku Thyolo ndi 09.02, chimanga ndi 10.05. Dziko lililonse limawonjezera manambala ake kumapeto. Kuno buku la msonkho lili m'manja mwa Malawi Revenue Authority, imene inayamba ntchito mu 2000, ndipo mafomu amalowetsedwa pa kompyuta kudzera mu ASYCUDA.

Wolemba nambala ndi mwini katundu kapena ejenti womuthandiza kuombola katunduyo, ndipo ofesala wa MRA amatsimikiza. Nambalayo ndiyo imatchula msonkho woyenera, ndiyo imasonyeza ngati katunduyo amafuna chilolezo, ndipo ndiyo imalowa m'mabuku a chiwerengero cha malonda. Gasi woyang'aniridwa ndi pangano la Montreal amayenera kulowa ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona za chilengedwe. Kutcha zinthu mayina ndi imodzi mwa ntchito zoyambirira zimene munthu anapatsidwa, monga tiwerenga pa Genesis 2:19-20, ndipo ikubwera pambuyo penipeni pa udindo wosamalira munda wa pa vesi 15. Ife timaona kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Chinthu chopanda dzina n'chovuta kuchiwerenga, ndipo chosawerengeka n'chovuta kuchisamala.

Kope la 2022 lisanabwere, ma HFC osasakaniza ankaunjikidwa pamodzi ndi mankhwala ena pa 2903.39, ndipo osakaniza opanda CFC kapena HCFC ankapita pa 3824.78. Taganizirani wamalonda wa pa Mtakataka amene m'kope lake amangolemba "nsomba" pa chambo, usipa, mlamba ndi kampango. Chiwerengero cha mabeseni angachidziwe, koma ndalama zake sangazidziwe. Umu ndi mmene zinalili ndi ma HFC, ndipo n'chifukwa chake anatsegula timitu tatsopano.

Chinthu chimodzi kapena chosakaniza

Funso loyamba la kasitomu ndi lomwe lija tinafunsidwa titangolowa sekondale: kodi ichi ndi compound kapena mixture? Chaputala 29 cha HS ndi cha mankhwala amene ali chinthu chimodzi chodziwika bwino kapangidwe kake. Choncho gasi wosasakaniza amapita pa mutu 29.03. R-32 ndi 2903.42, R-134a ndi 2903.45, R-22 ndi 2903.71, ndipo R-12 ali pa 2903.77. Koma magasi awiri kapena atatu akasakanizidwa mwadala, chaputala 29 chimawakana. Amasamukira ku chaputala 38, pa mutu watsopano wa 38.27, umene ndi wa zosakaniza zokhala ndi ma halogen omangiriridwa pa methane, ethane kapena propane.

Mkati mwa 38.27 muli makwerero, ndipo timayamba pamwamba kutsika. Pamwamba penipeni pali ma CFC. Chosakaniza chikakhala ndi CFC, kaya wambiri kaya wochepa, chimapita pa 3827.11 mosayang'ana zina zimene zilimo. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. R-502 wa m'mafiriji akale a m'masitolo, amene ndi R-22 wosakaniza ndi CFC yotchedwa R-115, amagwera pamenepa. Ngati mulibe CFC koma muli HCFC, tikupita pa 3827.31, 3827.32 kapena 3827.39. Tikadutsa ma halon a m'zozimitsira moto, methyl bromide, komanso HFC-23 ndi ma PFC, timafika pa gulu limene likutikhudza kwambiri lero, la 3827.61 mpaka 3827.69.

Apa tidekhe, chifukwa ndi pamene anthu amaphonya. Kamutu 3827.61 ndi ka zosakaniza zimene 15 peresenti kapena kuposa ya kulemera kwake ndi R-143a. Zikalephera pamenepo, 3827.62 imafunsa ngati muli R-125 wofika 55 peresenti, popanda magasi atsopano otchedwa HFO. Kenako 3827.63 imafuna R-125 wofika 40 peresenti. Kenako 3827.64 imafuna R-134a wofika 30 peresenti, popandanso HFO. Kenako 3827.65 imafuna R-32 wofika 20 peresenti pamodzi ndi R-125 wofikanso 20 peresenti. Zotsala zokhala ndi ma HFC a pa 2903.41 mpaka 2903.48 zimagwera pa 3827.68. Kamutu kalikonse kanalembedwa kuti kamangotenga zimene sizinalowe m'timitu ta pamwamba pake. Ndiye lamulo ndi lakuti pamene chosakaniza chakwanira koyamba, mpamene chaima.

Tiyese ndi R-404A, gasi wa m'mafiriji akuluakulu a m'mabutchala ndi m'zipinda zozizira zosungira nsomba. Muli R-143a 52 peresenti, R-125 44 peresenti, ndi R-134a 4 peresenti. Wina angaone 44 wa R-125 n'kuthamangira pa 3827.63. Walakwa, chifukwa sitepe yoyamba yamugwira kale: 52 waposa 15, choncho ndi 3827.61. R-410A wa m'makina oziziritsa m'maofesi ndi m'mabanki ndi theka R-32, theka R-125. Mulibe R-143a, ndiye tatsika. R-125 wake ndi 50, sanafike 55, tatsikanso. Pa 40 wakwanira: 3827.63. Nanga R-407C? Muli R-32 23 peresenti, R-125 25 peresenti, R-134a 52 peresenti. Akuoneka ngati anabadwira 3827.65, poti R-32 ndi R-125 onse aposa 20. Koma asanafike kumeneko 3827.64 yamuimitsa chifukwa cha R-134a wake. Makwererowa sanaikidwe mwachisawawa. R-143a ali ndi GWP ya 4,470, R-125 ya 3,500, R-134a ya 1,430, R-32 ya 675, choncho otentha kwambiri anaikidwa pamwamba kuti asabisale m'gulu la ofatsa.

Pali zinthu ziwiri zimene zili kunja kwa makwererowa. Choyamba ndi magasi opanda halogen. Mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba, ngakhalenso ambiri a katemera oyendera dzuwa, ali ndi R-600a, amene ndi isobutane, ndipo ena a m'masitolo ali ndi R-290, amene ndi propane. GWP yawo ndi pafupifupi 3 yokha. Propane amalembedwa pa 27.11, limodzi ndi gasi wophikira. Chachiwiri ndi gasi amene ali kale mkati mwa makina. Firiji imalowa ngati firiji, pa 84.18, ndipo makina oziziritsa m'chipinda pa 84.15, gasi wa m'kati mwake sapatsidwa nambala yakeyake ndipo sawerengedwa pa mlingo wa dziko. Ichi n'chofunika kuchidziwa tikamalandira firiji yakale kwa achimwene a ku Joni itakwezedwa pa ngolo ya basi. Ikakhala ya R-12, tsiku limene idzabooke mmisiri woona mtima sadzapeza gasi wake mwalamulo.

Dzina likakhala labodza

N'chifukwa chiyani munthu angalembe nambala yolakwika? Nthawi zina ndi kusadziwa chabe: ejenti waona mawu akuti refrigerant pa invoisi, wakopera nambala imene analemba chaka chatha. Nthawi zina ndi dala, pozemba chilolezo. Kuyambira pamene ma CFC analetsedwa, m'mayiko ambiri mwagwidwa masilinda a R-12 kapena R-22 opakidwa penti ndi kulembedwa kuti R-134a. Mtundu wa silinda sungakhale umboni. Amisiri anazolowera kuti R-134a ndi yabuluu wowala, R-22 yobiriwira, R-404A ya olenji, R-410A ya pinki, koma penti ndi yotchipa. Umboni weniweni umachokera pa kachipangizo koyezera kamene kamakoka gasi pang'ono n'kusonyeza zimene zilimo.

Tione kukula kwa bodzali m'manambala. GWP ya chosakaniza imapezeka pochulukitsa gawo lililonse ndi GWP yake. Pa R-404A: 0.52 kuchulukitsa 4,470 ndi 2,324.4, 0.44 kuchulukitsa 3,500 ndi 1,540, 0.04 kuchulukitsa 1,430 ndi 57.2. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 3,922. Silinda wamba ya R-404A imakhala ndi makilogalamu 10.9, kutanthauza matani pafupifupi 43 a carbon dioxide. Makilogalamu omwewo atalembedwa kuti ndi R-134a angawerengedwe matani osakwana 16. Silinda imodzi yokha, yonyamulika ndi dzanja limodzi, yabisa matani 27. Galimoto yodzaza masilinda otere ikadutsa pa Dedza ndi nambala yolakwika, lipoti la dziko lonse limakhala litapotoka, ndipo wamalonda amene analemba zoona amapezeka akupikisana ndi mnzake amene sanawerengedwe.

Ngozi yake sikhala mumlengalenga mokha. Mu 2011 makontena oziziritsa a pa sitima zapamadzi anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, ndipo anthu atatu ogwira ntchito anafa. Ofufuza anapeza kuti makontenawo anaikidwa gasi wachinyengo wolembedwa R-134a koma wokhala ndi methyl chloride. Mankhwala amenewa amadya aluminiyamu wa mkati mwa kompresa n'kupanga chinthu chimene chimayaka chokha chikangokumana ndi mpweya. Anafawo anali amisiri, anthu ofanana ndi uja amabwera pa kabaza. Ngakhale pamene palibe kuphulika, gasi wolakwika amapha kompresa, chifukwa mafuta a m'kati mwake amasankhidwa molingana ndi gasi: a R-12 sayenda bwino ndi R-134a. Firiji ya katemera ikafa Lachisanu madzulo kumudzi, pofika Lolemba katemera amakhala atawonongeka.

Tiyenera kunena mosapita m'mbali kuti pakati pathu, ngakhale mumpingo, kupusitsa a kasitomu timakutcha kuchenjera. Timamva anthu akunyadira kuti analembetsa katundu wawo dzina lina ndipo "anadutsa bwino." Malemba sakuona choncho. Levitiko 19:35-36 ndi Miyambo 11:1 amaika sikelo ndi muyezo m'gulu la zinthu zimene Mulungu amaziyang'ana, ndipo fomu ya kasitomu ndi sikelo ya masiku ano. Mbali inayo nayonso siinasiyidwe. Amisonkho atapita kwa Yohane M'batizi, pa Luka 3:12-13, sanawauze kuti asiye ntchito. Anawaletsa kulandira zoposa zoikidwa. Mateyu anaitanidwa ali pamalo okhometsera msonkho cha ku Kapernao, tauni ya m'mbali mwa nyanja yokhala ndi asodzi ndi msewu wa amalonda, malo amene munthu wa ku Chipoka kapena Mtakataka sangawaone achilendo. Ena mwa amene akuwerenga magazini ino akuphunzira zamalonda ndi zowerengera ndalama, ndipo zaka zochepa zikubwerazi adzakhala mbali iyi kapena iyo ya kauntala pa Dedza. Ife a Adventist timalalikira uthenga wa mngelo woyamba wa pa Chivumbulutso 14, woitana anthu kulambira Mlengi wa kumwamba ndi dziko. Ukapitawo umene timauphunzira pa Sabata umafika mpaka pa manambala 6 amenewa. Kulemba mtengo wabodza pa nsapato kumabera boma. Kulemba dzina labodza pa silinda kumabera boma, kumanamiza mayiko anzathu, ndipo kumaika moyo wa mmisiri pachiswe.

Kumbuyo kwa firiji yathu

Ambirife sitidzalembapo fomu ya kasitomu, koma mbali yathu ilipo. Firiji iliyonse ili ndi kachikwangwani, kumbuyo kapena mkati cha m'mbali, ndiponso pa kompresa, kosonyeza dzina la gasi ndi magalamu ake. Mmisiri akabwera tingathe kumufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, gasi amene mwabweretsayu ndi yemwe walembedwa apayu?" Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere. Timufunsenso ngati wapeza pamene pabooka, chifukwa kuthira gasi osatseka bowo n'kutunga madzi ndi dengu, ndipo pakatha miyezi iwiri tidzamuitananso. Firiji ya R-600a imalowa gasi wochepa, wosakwana magalamu 150, koma gasiyo amayaka, ndiye pokonza pasakhale mbaula kapena kandulo pafupi. Gasi woyaka asaikidwe mufiriji imene sinapangidwire gasi wotero. Ndipo tisamagobe ayezi ndi mpeni. Mapaipi a mkati ndi opyapyala, ndipo mafiriji ambiri amafa imfa imeneyi.

Zosakaniza za manambala oyamba ndi 4 zili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa. Magasi a m'kati mwake sawira pa mlingo umodzi, choncho mmisiri amayenera kuwatulutsa musilinda ali amadzimadzi. Akatulutsa mpweya wa pamwamba, wopepuka kuwira amatsogola, ndipo zimene zalowa m'makina sizikhalanso mu mlingo wolembedwa pa silinda.

Kwa anzathu opita kukaphunzitsa, nazi samu ziwiri zoyesera ana, kapena zoyeserana tokha kuhostelo. Yoyamba: R-507A ndi theka R-125, theka R-143a. Apezereni kamutu ndi GWP. Amene athamangire 50 wa R-125 adzalemba 3827.63, amene ayambire pamwamba pa makwerero adzapeza 3827.61, ndi GWP ya 3,985. Yachiwiri ndi yovutirapo. R-449A, amene akulowa m'malo mwa R-404A m'zipinda zozizira, ali ndi R-32 24.3 peresenti, R-125 24.7 peresenti, R-134a 25.7 peresenti, ndi HFO yotchedwa R-1234yf 25.3 peresenti, imene GWP yake ndi pafupifupi 4. Mulibe R-143a, R-125 sanafike 40, R-134a sanafike 30 ndipo muli HFO, choncho amatsika masitepe anayi n'kuima pa 3827.65. GWP yake imatuluka pafupifupi 1,397, kungoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a R-404A.